Khungu Lakuda la Vaneti ya Amalume

Ngati mumapita pa msewu wa Zambezi m'mamawa, muyenela kuti munaionapo. Ndi Hilux yakale, denga loyela, m'mbali mwakuda, koma kuda kwake n'kwa zigambazigamba monga galu wa mphele. Ana a mu Ng'ombe anaipatsa kale dzina. Ikamatuluka m'komboni amaithamangila akukuwa, "Mphele! Mphele yabwela!" Amalume amangoliza huta ndi kuseka. Ine sindiseka kwenikweni, cifukwa amene anaidwalitsa matenda amenewa ndine.

Kwathu vaneti imeneyi si motoka cabe. Atate atamwalila, amalume ndiwo anatitenga, ine, amayi ndi mlongo wanga, monga mmene mwambo wa kwathu ku Petauke umanenela, kuti ana a mlongo wako ndi ako. Nsima imene ndakulila yacokela kumbuyo kwa vaneti imeneyo. Inacoka ku Japan ili yosewenzapo kale, inatsikila pa doko la Dar es Salaam ndi kulowela pa Nakonde, ndipo amalume ndi mwini wake wacitatu kuno. Ndi ya m'ma 1990, ya dizilo, yokoka ndi matayala onse anayi. Imanyamula mabokosi a matimati ndi mitolo ya lepu kucokela ku mafamu a ku Kasisi ndi ku Chongwe kupita ku Soweto Market. Imanyamula mcenga, mabuloko, katundu wa anthu osamuka, ndipo kangapo yapelekezapo malilo ku Chingwere. Kawili pa caka imapita kumudzi. Imakwela mapili a Manenekela, imawoloka ulalo wa Luangwa, kenaka imasiya tala ndi kulowa m'tunjila twa zikocikala, mmene minga imakanda m'mbali ndipo miyala imamenya pansi.

Nthawi imeneyo ndinali kusewenza pa car wash ina kufupi ndi Roma. Kumeneko ndiko ndinayamba kuona ma Land Cruiser a anthu a ku mayadi, aja amene amapita ku Mfuwe ndi ku Lower Zambezi. Ena anali opakidwa cinthu cakuda, cokhakhala ngati khungu la ng'ona. Eni ake anali kucichula kuti rubberising. Poyamba cinapangidwila pansi pa bodi ya kumbuyo, pamene katundu amakhulana ndi citsulo, n'cifukwa cake ku America amati bed liner. Koma anthu okonda kuyenda m'thengo anayamba kupaka motoka yonse kunja, kuti minga ndi miyala zisaikande. Ndinali kucisisita ndi dzanja potsuka, mtima n'kumanena kuti, vaneti ya amalume ndiyo ifunika cimeneci, osati awa amene amalowa m'matika kamodzi pa caka.

Usiku ndinali kutha mabando poonelela mavidiyo pa YouTube. Mzungu amaimika motoka yake yakale m'galaji, amakhutcumula botolo, amapopela, ndipo pakatha mphindi khumi motoka yasanduka ya asilikali. Ndinaona kuti palibe covuta. Tsiku lina ndinawauza amalume.

"Amalume, tiyeni tiipake cija cakuda monga ma Land Cruiser ya ku Mfuwe. Siizacita futi dzimbili."

Anandiyang'ana pamwamba pa kapu ya tiyi. "Iwe mufana, motoka ni injini. Penti siinyamula masaka."

Nkhani inathela pomwepo, koma m'mutu mwanga sinathe.

Mu Juni 2024 kumudzi kunagwa malilo. Amalume anakwela basi cifukwa dizilo inali itadula, ndipo anandisiyila makiyi kuti ndizilizako injini m'mawa. Anati akhala masabata awili. Mwezi womwewo inali nthawi yanga yolandila cilimba. Ndalama imeneyo ndinali nditalonjeza amayi kuti ndidzagula malata awili a pa kicini. Ndinakwela basi kupita m'tauni, malata ndinawapitilila, n'kulowa m'sitolo ya mapenti a motoka.

Wogulitsa sanandinamize, ndipo ndifuna cimeneci cimveke. Anandionetsa mabotolo anayi ndi kacitini ka hadena, nati amenewa amakwana kumbuyo cabe, motoka yonse ifuna owilikiza kawili kapena katatu. Anati ndigulenso pulaima ndi mankhwala ocotsela mafuta. Ine ndinawelenga ndalama zanga, ndinaona kuti zikwana mabotolo anayi basi. Pa shelufu ya pansi panali zitini za andasili, zakuda cimodzimodzi, zochipa kwambili. Ndinafunsa ngati si cinthu cimodzi. Anati iyayi, ija ndi phula, malo ake ndi kunsi kwa motoka kumene dzuwa silifika. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, n'kugula zitini zitatu. Pulaima ndinaisiya. Za mafuta ndinati sopo wa pa car wash alipo.

Kumbuyo kwa msika kuli mudala wina wowongola mabodi a motoka, amene galaji yake ndi mthunzi wa mtengo wa mango ndi kontena imodzi. Ndinapita kukabweleka kompulesa ndi gani yopopela. Anandimvetsela mpaka kumapeto, kenaka anati ndimasule citseko cakumbuyo ca vaneti ndibwele naco, tiyambile pamenepo.

Anandipatsa sandipepa ya nambala 120. "Penti siigwila pa cinthu conyezimila," anatelo. "Ifuna pokandika, kuti ipeze pogwila. Kwecha mpaka kuwala konse kusile."

Ndinakwecha tsiku lonse. Pamene panali dzimbili anandiuza kupala mpaka citsulo ciyele ngati supuni yatsopano. Ndikati ndatsiliza, iye anali kupendeketsa citseko pa dzuwa ndi kundilozela kamalo kakang'ono kamene kakali kunyezimila. Tsiku laciwili tinapukuta ndi thina, nsalu imodzi yonyowa, ina youma, ndipo anandithililako pulaima imene inatsala pa nchito ya munthu wina. Pa Sondo masana malaiti anabwela. Anayamba wakhetsa madzi a m'thanki ya kompulesa. Tinasakaniza magawo atatu a m'botolo ndi gawo limodzi la hadena, tinakhutcumula, tinapopela kopyapyala, tinadikila ola lathunthu, tinapopelanso. Anati citseko cikhale sabata yonse osacikhudza ndi katundu, cifukwa cinthu cimeneci cimauma msanga pamwamba koma mkati cimalimba pang'onopang'ono.

Citseko cinatuluka bwino kuposa za m'mavidiyo. Koma zala zanga zinali zitasupuka, ndipo ndinayamba kuwelenga masiku. Citseko cimodzi candidyela masiku atatu. Motoka yonse ndi mwezi. Amalume abwela pakapita masiku asanu ndi atatu. Makina okwechela analipo, koma mukumbukila caka cimeneco. Mvula inakana, boma linalengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi ku Kariba anatsika, ndipo malaiti anayamba kupita maola 8 pa tsiku mu Malichi, pofika nyengo yozizila anali maola 12. Kwathu nthawi zambili anali kubwela anthu atagona. Ndinadziuza kuti mudala ndi wacikale, amakonda kuvutitsa ana. Ndinatsuka vaneti ndi sopo kawili, ndinapitapo ndi sandipepa mwa apo ndi apo monga munthu wosesa pabwalo alendo ali pa geti. Dzimbili la pamwamba pa matayala a kumbuyo, lalikulu ngati kobili, ndinangolipukuta. Ndinati likatsekeledwa mkati lidzafa lokha.

Malaiti anabwela ca m'ma 01:00 usiku wa Lacinayi. Ndinadzutsa anzanga awili kuti andiunikile ndi matochi a pa foni. Kunali kuzizila kwa Juni kuja kolowa m'mafupa, citsulo cili zii, mame atayamba kale kugwa pa boneti. Ukathila hadena m'botolo umakhala ndi ola limodzi cabe lisanayambe kulimba, ndipo sitinali kudziwa kuti malaiti apitanso nthawi yanji. Conco ndinapopela mothamanga, kokhuthala, kamodzi. Thanki ya kompulesa sindinaikhetse, ndipo nthawi zina gani inali kulavula timadontho ta madzi. Mabotolo atatu anathela pa boneti, pa zitseko ndi m'mbali mwa bodi. Pansi pa bodi ya kumbuyo, m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala ndinapaka andasili ndi bulashi. Denga linatsala loyela cifukwa zonse zinatha.

Kumaso ndinavala kamasiki ka nsalu kamene kanatsala nthawi ya korona. Masiku atatu otsatila cifuwa cinali cothina, ndikupuma ngati ndathamanga kucokela ku Manda Hill. Pambuyo pake ndinadziwa kuti hadena ija ili ndi mankhwala ochedwa isocyanate, amene amaononga mapapo ndipo angathe kumusiyila munthu asima ya moyo wonse. Nsalu siwatsekeleza. Pa zonse zimene ndinalakwitsa usiku uja, cimeneci ndico cimandiopsa kwambili ndikakumbukila, cifukwa anzanga awili aja analibe ngakhale kansalu.

Kutaca, vaneti inali yokongola. Sindidzanama. Anthu anali kuima panjila. Anyamata a pa siteshoni anabwela kudzajambulitsa. Ndinaika cithunzi pa Facebook ndipo anthu atatu anandifunsa kuti ndimalipilitsa zingati. Amayi anafunsa za malata, ndinawauza kuti adikile, bizinesi yayamba.

Amalume atabwela anaizungulila kawili osakamba kanthu. Anagogoda citseko ndi cala, ananunkhiza dzanja lawo.

"Nanga pamwamba wasiyila cani?"

"Vinasila, amalume."

"Cawama. White book ikamba ati motoka ni yoyela. Manje ikali kukambako zoona pang'ono."

Analowa m'nyumba. Ndinaganiza kuti ndapambana.

Coyamba kunditsutsa cinali fumbi. Mu Ogasiti, mphepo ikayamba, fumbi lofiila la m'njila za mu Ng'ombe linali kulowa m'timaenje ta khungu lija ndi kukhazikika. Penti yosalala umangoipukuta ndi nsalu. Iyi inafuna bulashi ndi ndowa zinayi za madzi, m'caka cimene madzi tinali kuima pa mzele kuti titunge. Vaneti yakuda inasanduka yofiilila ngati nyelele za m'culu.

Kenaka Okutobala anafika. Cinthu cakuda cimamwa dzuwa, ndipo masana boneti sunali kuikhudza. Andasili ija, pokhala phula, inafewa. Azimayi a ku msika amene amakwela kumbuyo pamodzi ndi mabokosi awo anatsika ku Soweto zitenge zili ndi madontho akuda osacoka. Amalume analipila zitenge ziwili, ndipo amayi ena atatu amene anayenda nawo zaka zambili anasamukila ku vaneti ina. Pamene dizilo inadonthela, phula linasungunuka n'kutsika ngati misozi. Mcenga ukanyamulidwa unali kumatilila pansi, fosholo n'kumakokolola zonse pamodzi.

Mu Novembala tinapita kumudzi kukasiya feteleza. M'kanjila kena nthambi ya minga inakola m'mphepete mwa citseko ca dalaivala. Titaima ndinaona kacikopa kakulendewela. Ndinakakoka pang'ono kuti ndikadule, koma kanapitiliza kusendeka ngati khungu la kandolo wophika, mpaka theka la citseko linali m'manja mwanga. Kunsi kwake penti yoyela inali kunyezimila bwinobwino, ngati sinakhudzidwepo. Ndinaima pamenepo ndikuyang'ana nkhope yanga m'citseko. Kwa zaka zitatu, Sondo iliyonse, ndinali kupaka vaneti imeneyi polishi wotsala ku car wash, pofuna kukondweletsa amalume. Polishi wa mtundu umenewo ali ndi silikoni, ndipo sopo wamba samucotsa. Khungu langa lakuda silinagwile motoka n'komwe. Linangokhala pamwamba pa polishi wanga monga bulangeti.

Mvula ya caka cimeneco inabwela, tinathokoza Mulungu, koma kwa vaneti inabweletsa comaliza. Pa boneti panatuluka timatuza tambili, paja pamene mame ndi madzi a mu kompulesa anatsekeledwa. Mudala anandifotokozela kuti hadena ikakumana ndi madzi imatulutsa mpweya, ndipo mpweyawo umasiya timabowo tosaoneka ndi maso. Pamwamba pa matayala a kumbuyo panatupa cithuza cacikulu. Mu Malichi 2025 ndinacidina ndi cala, munatuluka madzi ofiila, cala n'kupitilila mpaka mkati. Dzimbili lija la kobili silinafe. Madzi anali kulowa kunsi kwa khungu koma osapeza potulukila, ndipo citsulo cinakhala conyowa miyezi inayi. Kale, dzimbili lili poyela, linali kuuma dzuwa likawala. Ine ndinalimangila nyumba. Bowo lake tsopano linali lolowa nkhonya.

Cimene sindinali kudziwa n'cakuti amalume anali ndi pulani. Anali kusunga ndalama mwakacetecete kuti agulitse vaneti, awonjezele, agule Canter, cifukwa nchito ya mcenga ndi mabuloko imalipila bwino ukakhala ndi motoka yaikulu. Mu Epulo kunabwela munthu wofuna kugula. Injini anaikonda. Kenaka anayenda m'mbali akugogoda, nafika pa cithuza cija.

"Bosi, apa mwabisa cani? Motoka ikapakiwa so, ninshi pali vamene mwini wake safuna kuti tione."

Amalume anamuuza zoona, kuti ndi mwana anali kuyesa. Munthuyo anaseka, nachula mtengo umene unali ngati kutukwana. Anati kucotsa cinthu cimeneci ndi nchito yodula kuposa kucipaka. Pamenepo sananame.

Usiku umenewo ndinamva amalume akukamba ndi amayi kuseli kwa katani. Anati Canter idikile caka cina, ndipo za koleji ya mlongo wanga aona mocitila, mwina ayambe wakhalako pa nyumba miyezi ingapo. Amayi anayankha motsitsa mawu, "Cikomekome ca nkhuyu, mkati muli nyelele." Sanachule dzina langa. Mvula inali kudontha pa kicini, paja pamene panafunika malata awili.

M'mawa ndinawapeza akuyang'ana oilo. Ndinagwada pambali pa tayala, cinthu cimene ndinali ndisanacitepo cikulile.

"Amalume, nalakwa. Nizalipila."

"Uzalipila na cani, mphwanga?" Anapukuta manja. "Nyamuka. Bwela uone."

Ananditengela kumbuyo, natulutsa sikulu dalaiva m'thumba, nayamba kukanda citseko cakumbuyo ndi mphamvu zawo zonse. Panangotsala kamzele koyelela, kamene anakafafaniza ndi cala. Miyezi khumi ya mabuloko, mafosholo, mabokosi, dzuwa ndi mvula, citseko cija cinalibe thuza ngakhale limodzi. M'mphepete mwake munalibe posendeka.

"Ici unacita ndiwe," anatelo. "Vinangu ivi vinacita ni kuthamanga. Manje nifuna uja wamene anacita ici abwele anikonzele motoka yanga."

Anandipatsa sikulepa.

Anzanga ambili amandifunsabe pa foni ngati rubberising yodzipakila wekha imakhalitsa. Ena ali ndi tumavaneti ta makolo awo, ena angoona zithunzi. Ndimawauza kuti yankho lili pa motoka imodzi yomweyi. Botolo limene linapaka citseko cakumbuyo ndi limene linapaka citseko ca dalaivala anacokela m'bokosi limodzi, anapopedwa ndi gani imodzi ndi dzanja limodzi. Cina cakhala mpaka lelo, cina sicinathe miyezi isanu. Kusiyana kwake kunali masiku awili a sandipepa, nsalu ya thina, pulaima ya m'kacitini, ndi dzuwa la masana. Mavidiyo aja ndinabwelela kukawaonanso. Kukwecha kulimo, koma amakuthamangitsa, nchito ya masiku anayi imadutsa m'masekondi makumi atatu nyimbo ikulila. Maso anga anali kudikila paja pamene utoto wakuda umatuluka m'gani.

Ndimawauzanso zimene ngakhale nchito yabwino siingasinthe. Khungu limeneli limasunga fumbi, limatentha, ndipo tsiku limene udzafuna kuwochelela kapena kuwongola bodi udzalila nalo. Wogula adzakukayikila ngakhale ulibe cobisa. Ngati ndalama zikwana mabotolo anayi cabe, paka pansi pa bodi ndi citseko cakumbuyo, pamene katundu amadya citsulo, kwina usiye penti ya eni ake. Phula lisiye kunsi. Dzimbili licotse lonse usanapake ciliconse. Ndipo usapopele wopanda masiki yeniyeni ya opopela penti, ngakhale anzako akuseke.

Mu Ng'ombe timadziwa kuphimba. Timapenta khoma loyang'ana ku msewu, la kumbuyo n'kulisiya. Sindikuseka munthu, cifukwa nthawi zambili ndalama imakwana khoma limodzi lomwelo, ndipo munthu amafuna kuti pakhomo pake paoneke. Inenso ndinali kufuna kuti amalume akaima pa Soweto pakati pa mavaneti ena, anthu aone kuti kwawo kuli mwana amene amawaganizila. Colakwa canga cinali cakuti ndinafuna kuti aone pofika Lacisanu.

Tsopano Ciwelu ciliconse ndimakhala kwa mudala pansi pa mtengo wa mango. Bowo lija tinalidula, tinawochelela cigamba ca citsulo catsopano. Phula tinalicotsa ndi palafini ndi masaka akale, zinatitengela Ziwelu zitatu. Khungu la pa zitseko limasendeka lokha, koma pali malo ena, paja pamene sandipepa yanga inadutsa mwangozi, pamene linagwila zolimba, ndipo pamenepo ndi pamene pamatulutsa thukuta. N'cifukwa cake vaneti ili ndi zigamba. Mudala sandilipila, koma wayamba kundisiyila mamadigadi a makasitomala kuti ndikweche ndekha, ndipo masiku ano amapendeketsa pa dzuwa kamodzi cabe. Ndalama ya cilimba ca caka cino ndinapeleka kwa amayi isanagone m'thumba mwanga. Mlongo wanga anayamba koleji mocedwa ndi temu imodzi, ndipo amandikumbutsa akafuna mabando.

Sabata yatha ndinafunsa amalume kuti tikamaliza kusenda tidzapake mtundu wanji. Anati woyela, monga mmene buku likambila. Ndinafunsa za citseko cakumbuyo, ngati naconso ticotse kuti motoka ifanane.

"Cisiye," anatelo, akukweza bokosi la matimati. "Olo ufune, sungacicotse."